Lamba wa Chubu Pansi pa Matiresi Ako

Kafue, Sondo masana

Lameki mwana wanga,

Ndilemba kalata iyi nditakhala kuseli kwa nyumba, kope nditaika pa bondo. Iwe wapita ku Shimabala kukatsazika azakhali ako, amai ako ndi mlongo wako ali ku tchalitchi. Ukabwera uipeza pamwamba pa chikwama chako. Uiwerenge lero lomwe. Usanene kuti ndikawerengera mu basi, chifukwa mu basi idzakhala itachedwa. Udziwa kuti ine sukulu ndinalekera Giredi 6, ndiye pamene ndalakwitsa kalembedwe ukonze wekha m'mutu, iwe ndiwe wa Giredi 12.

Choyamba ndi zikomo. Mawa upita ku Kitwe kukaphunzira zamagetsi, ndipo ine masiku ano ndikamayenda mu msewu ndiseka ndekha, anthu n'kumandiyang'ana. Agogo ako anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, anamwalira manja akali akuda ndi girizi. Ine ndanyamula masaka a fetelaiza kuyambira ndili mnyamata. Iwe udzagwira waya ndi tesita, ndipo mu komboni adzakuitana ba injiniya ngakhale usanamalize. Zikomo kuti sunatichititse manyazi. Zikomo kuti pamene unamva kuti akutenga ku koleji, sunakhale pansi kudikira kuti adadi asakire zonse. Unavala ovolosi yanga yakale n'kubwera ku shedi ya fetelaiza kumene ndigwira ntchito kudzapempha pisiweki, ganyu wonyamula masaka. Anzako a kusukulu anali kupita pa geti n'kukuona uli mbuu ndi fumbi, iwe n'kumawapatsa moni bwinobwino, osabisala. Kapitao anandiuza kuti, "Ba Phiri, uyu mwana mumudyesa chani? Anyamula monga mashini." Tsiku limenelo nshima ndinadya yambiri.

Manje mvera chimene ndakulembera.

Pa Chisanu ndinali kupinda matiresi ako kuti ndiwamange, akhale okonzeka pa ulendo. Pansi pake ndinapeza lamba wa chubu cha motoka, wodula mwaukulu ngati chikhatho, ali ndi kansalu kopindapinda kosokerera mkati, akununkha mafuta aja otentha opaka m'minofu. Ndinakhala pansi pa simenti. Lamba ameneyo sagulitsa ku shopu, Lameki. Amadulidwa ku shedi kwathu ndi maloda akale, onyamula masaka anzanga, ndipo ine ndidziwa pamene amamangidwa, chifukwa ndinavalapo wotero.

Nditakhala pansipo zinthu zina zinayamba kubwera m'mutu. Masiku ano uyenda motangadza pang'ono, mwendo wamanja uuponya kunja. Pa nshima ukhala utautambasula. Ku bola sunapite, iwe amene umasewera ngakhale mvula ikugwa. Amai ako atakufunsa unati, "Ni masaka chabe, mami, chizasila." Mau amenewo ndi omwewo amene ine ndinauza amai anga.

Zinthu izi kwathu tate sakamba ndi mwana wake. Ndi ntchito ya amalume kapena agogo. Koma agogo ako kulibe, amalume ako ali ku Katete, ndipo iwo akamayankha foni mudzi wonse umamva. Dzulo pamene tinali kukonza loko wa chikwama chako ndinayesa kutsegula pakamwa, kunangotuluka nkhani ya loko. Ndinayesanso, loko yemweyo. Ndiye ndalemba. Amai ako ndawauza kuti ndikulembera malangizo ndipo mudzakhala za ine ndi za iwo, avomera. Za lamba wako sindinawauze, ndipo sindidzawauza.

Sindinena kuti uli ndi matenda opatsirana. Sindinaone, sindidziwa. Kapena ndi masaka zoona, chifukwa alipo anthu amene matumbo amatsika ponyamula zolemera, ndipo iwo amafunika opaleshoni. Kapena ndi mwanabele wa chilonda cha kuphazi. Koma zonsezi zimatupa malo amodzi, m'mphechepeche mwa ntchafu, pamodzi ndi chachitatu chimene ndifuna kukuuza. Kapitao sangazisiyanitse. Ine sindingazisiyanitse. Chubu ndiye sichidziwa kanthu kalikonse.

Ine zinandipeza ndili ndi zaka ngati zakozi, nditangoyamba ku shedi. Ndinali pa chibwenzi ndi amai ako, tisanakwatirane, iwo akugulitsa nsomba za ku Chanyanya pafupi ndi geti ya shedi. Ndinalinso ndi mtsikana wina kwa kanthawi. Sindikometsera, ndi mmene zinalili. Tsiku lina posamba ndinaona kachilonda kumalo aumuna, kakang'ono ngati njere ya mapira. Sikanali kuwawa, sikanali kuyabwa. Ndinati zipi yandiluma. Patapita masiku ochepa kanapola kokha, ine n'kuiwala. Matenda awa ndi mmene amabwerera: amaonetsa kanthu kakang'ono, n'kukhala chete, iwe uganiza zatha pamene alowa mkati. Ambiri kachilondako sakaona n'komwe, makamaka kakabisala mkati. Ndiye Lameki, ukaona kanthu kumeneko, ngakhale kasawawe, ngakhale kapole kokha, pita ku kiliniki. Kupola kokha si kuchira. Usunge mau amenewa.

Patapita ngati mwezi, m'mphechepeche kumanzere munayamba kuwawa. Munabwera kambulu kolimba ngati nshawa, kanakula mpaka ngati dzira, kenaka zinakhala ziwiri, china pamwamba china pansi, mzere pakati. Thupi kutentha, kuzizidwa dzuwa lili pamutu, mafupa kuphwanya. Ndinati ndi maleliya, koma maleliya satupitsa munthu pamenepo. Ku shedi kunali ba Wedisoni, wondiposa zaka pang'ono, munthu wanthabwala, amene anandiphunzitsa kulandira saka pa phewa osathyola msana. Anandiona ndikutsimphina pa thabwa lokwerera mu thiraki, anaseka.

"Mwaiche, mufana wanga, bwela kuno. Chakugwila chasaka."

"Chasaka ni chani, ba Wedi?"

"Ni satifiketi ya nchito ino. Loda aliyense wazoona anapitamo. Saka ikakulema mphamvu isika pansi, ipanga bola. Manga chabe, izabwelela yeka."

Anadula chubu pomwepo ndi mpeni, anandimanga kuseli kwa mulu wa masaka, anzathu akuomba m'manja ati Phiri wavinidwa lero. Ndipo ine ndinanyada, Lameki. Ndinanyada! Ndinayenda ndi lamba uja ngati andiveka mendulo. Chasaka ndi dzina lokoma chifukwa ungalitchule pamaso pa amai ako. Dzina lina, limene mu komboni aliyense alidziwa, ndi bolabola, ndipo limenelo likatchulidwa anthu amayamba kufunsa kuti unali kuti, unali ndi ndani. Ndiye ku shedi tinasankha kumanga chubu n'kunamizira masaka. Mpaka lero ndi mmene zilili. Ine ndimawauza anyamata kuti pitani ku kiliniki, iwo amandiseka ati abwera ba dokota Phiri. Sindinaganizepo kuti tsiku lina adzamanga mwana wanga ine ndili mu shifiti ina. Sindifuna kudziwa amene anakumanga. Anachita mwachikondi, monga ba Wedi anachitira kwa ine. Chikondi chake chinali chenicheni, nzeru yake ndiyo inali yabodza.

Lamba atakanika ndinapita ku kantemba kukagula makapisozi. Mwini kantemba sanafunse kanthu, anangong'amba pa pepala pake ochepa n'kundipatsa. Ndinamwa masiku awiri kapena atatu, ululu unatsika pang'ono, ndinati ndapambana. Makapisozi atatha chinabwerera ndi ukali, mpaka kuvala buluku kunali nkhondo. Ku hositelo kumene upita udzapeza anzako osunga mapilisi otsala m'masutikesi, aliyense dokota. Mmodzi adzati awa anandithandiza ine. Usamwe. Sudziwa ngati ndi a matenda ako, sudziwa ngati akwana. Mankhwala osakwana amangogoneka matenda, sawapha.

Kenaka chotupa chinafewa pamwamba, khungu linayamba kunyezimira. Ba Wedi anachiyang'ana ngati munthu wogula mango, anati, "Chapsa ichi. Mailo nibwelesa leza, tichiboole, uzagona bwino." Ndipo ine ndinavomera. Leza yometera ija ikanandidula, koma tsiku lomwelo masana ndinalephera kukwera thabwa, saka inandigwa pa phewa n'kuphulika, fetelaiza mbwee pansi. Amai ako anaona ali pa geti ndi bafa yao ya nsomba. Anabwera osaopa kapitao.

"Iwe Aroni, uyenda monga nkhuku yomanga mendo. Tiye ku kiliniki."

"Ni chasaka chabe."

"Chasaka, chasaka! Ine ninyamula mabafa ya nsomba kuchoka ku Chanyanya, nanga ine sichinigwila bwanji? Tiye, usanitayile nthawi."

Anasiyira mnzao bafa ya nsomba, dzuwa likutentha, n'kundikoka dzanja. Ukamaona amai ako akukalipa m'nyumba muno kuti wasiya mbale yosatsuka, uzikumbukira kuti ukali womwewo ndi umene unasunga atate ako. Ine sindinamalize kuwathokoza mpaka lero.

Ku kiliniki ndinapeza ba sista ena achikulire, onenepa, a magalasi. Anandiuza kuti ndivule. Ataona chubu anagwira m'chiuno.

"Nanga motoka mwaisiya pa njerwa, atate?"

Ndinaseka ngakhale ndinali ndi mantha, ndipo mantha anachepa. Anagwira chotupa mosamala, anandiuza kuti nditsokomole, kenaka anafunsa, "Kumbuyoku munaonako kachilonda kakang'ono kamene kanapola keka?" Ndinati inde. Kachilonda kaja sindinauzepo munthu, ngakhale ine mwini ndinali nditakaiwala. Nditawauza za leza ya ba Wedi anasiya kuseka. Anati chotupa chotere sadula, chifukwa ukachidula chimasiya dzenje limene limachedwa kutseka, limangotuluka mafinya miyezi ndi miyezi. Iwo anatenga nyeleti, anaboola cha m'mbali pa khungu labwino, anakoka mafinya. Ndinaluma malaya, koma nditatsika pa bedi paja ndinamva ngati anditula saka imene ndinanyamula mwezi wonse. Usalole munthu kukudula, Lameki. Usachifinye, usachiotche ndi nsalu yotentha kuti chiphulike. Ntchito imeneyo ili ndi eni ake.

Dzulo m'mawa ndinapitanso ku kiliniki kukafunsa, chifukwa ndinaopa kuti mwina ndaiwala zina, kapena zinthu zinasintha, ndingakulembere zabodza. Ba sista aja anapuma ntchito kalekale. Ndinapeza dokota wachinyamata, sakuposa kwambiri iwe. Ndinati ndifunsira mwana wa mnzanga. Anandiyang'ana, anandikokera mpando. Mulungu amudalitse mnyamata ameneyo, anandipatsa nthawi pamene pabenchi panali anthu.

Anati bolabola ndi dzina la kutupako chabe, ndipo matenda opatsirana obweretsa kutupa kotere si amodzi, n'chifukwa chake amafuna kuona ndi maso ao. Koma aja oyamba ndi kachilonda kosawawa, kenaka bola, dzina lake anandilembera kuti ndikope bwino: lymphogranuloma venereum. Lalitali ngati sitima ya katundu, ndiye amangoti LGV. Amabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, a mtundu umodzi ndi matenda ena otchedwa kilamidiya, koma awa ndi aukali chifukwa amalowa mpaka mu anabele. Amalowa pogonana popanda kondomu, njira iliyonse, kutsogolo, kumbuyo, ngakhale kukamwa. Salowa ndi saka. Salowa ndi chimbudzi cha ku hositelo, kapena kubwerekana sopo, kapena kuponda mankhwala pa njira. Munthu akakuuza kuti akulodza chifukwa wapita ku koleji, umuyankhe mwaulemu, koma miyendo ilunjike ku kiliniki.

Anandiuzanso china chimene ine sindinali kudziwa. Akalowera kumbuyo, nthawi zambiri bola siioneka kunja. Munthu amamva kuwawa kotulukira chimbudzi, kumatuluka magazi kapena mafinya, amamva ngati afuna kupita kuchimbudzi koma akapita palibe. Ambiri amati ndi m'mimba chabe, n'kumagula mankhwala a m'mimba. Ine sindikufunsa za moyo wako, ndi wako. Ndingoti a ku kiliniki akakufunsa, uwauze zoona zonse, ngakhale zimene sungauze ine. Iwo amva zambiri, sadabwa, ndipo satuluka nazo panja. Ukawabisira adzakupatsa mankhwala a chimene wanena, osati a chimene uli nacho.

Ndipo mvera ichi bwino, chifukwa ndi chimene chandipatsa mphamvu yolemba: matenda awa amachira. Amachiriratu. Mapilisi ake ndi akumwa m'mawa ndi madzulo, masabata atatu osadumpha. Umwe utadya, ndi madzi odzaza kapu, usagone pansi utangomwa, ndipo usatsikizire ndi mkaka kapena mabisi, mkaka wosasa uja. Zina adzakuuza okha. Chimene chimapha anthu si kusowa kwa mankhwala, ndi kuchedwa ndi kulekeza pa njira.

Ndibwerere kwa ba sista aja. Atamaliza ndi nyeleti anati, "Amene mwagona nao onse abwele, apo ayi muzapola lelo, mailo muzatenganso." Amai ako anali pa benchi panja, akununkha nsomba, akundidikira. Kuchoka pa chitseko kufika pa benchi paja panali pafupi, koma ndanyamula masaka moyo wanga wonse, sindinalemedwepo ngati pamenepo. Ndinakhala pambali pao, ndinawauza zonse, za mtsikana wina uja zomwe. Anayang'ana mapazi ao. Kenaka anati, "Nenze naziba kuti si saka." Ananyamuka n'kulowa.

Iwo analibe chotupa, analibe chilonda, analibe kalikonse kooneka. Ba sista anati kwa akazi nthawi zambiri zimatero, anabele ao otupa amakhala mkati, mwina amangomva msana kapena m'munsi mwa mimba, mwina osamva kanthu, pamene matenda alimo. Asanawapatse mapilisi anawafunsa za kumwezi, anawapima. Anatenga nthawi mkati muja. Potuluka anali ndi mapilisi osiyana ndi anga, chifukwa anga sapatsa munthu wapakati. Anaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Pali mwana. Manje leta mapilisi yako, nizasunga ine."

Mwana ameneyo ndiwe, Lameki. Tsiku limene ndinamva za matenda anga ndi tsiku lomwelo limene ndinamva za iwe. Anatipimanso magazi tonse awiri, za HIV ndi za chindoko, chifukwa zilonda zotere zimatsegulira njira matenda ena. Tinapezeka tilibe, ndipo atatiitananso patapita miyezi tinapezekabe tilibe. Iwe unabadwa wathunthu, wolira ngati sayirini ya ku fakitale. Ndikaganiza kuti ndikanadikira leza ya ba Wedi, amai ako n'kumayenda ndi matenda osadziwa iwe uli m'mimba, ndimangoti zikomo kwa Mulungu. Nawe akakuuza zopima magazi, usathawe. Kudziwa n'kwabwino, chilichonse chimene angapeze chili ndi thandizo lake masiku ano.

Mtsikana wina uja ndinapitanso kukamuuza. Ananditukwana mpaka agalu a m'komboni anauwa, koma ndinamva pambuyo pake kuti anapita ku kiliniki. Matukwano aja sanandichotse kanthu.

Sabata yoyamba itatha, thupi linapepuka, chotupa chinayamba kuphwa, ndinabwerera ku ntchito. M'mutu mwanga ndinali nditachira. Nthawi yomweyo ba Wedi naye chinali chitamugwira, osati koyamba. Anandikokera pambali.

"Mwaiche, nigaileko hafu ya mapilisi. Iwe wapola kudala, uyenda monga soja."

Ndikanampatsa, Lameki. Ndi mtima wonse ndikanampatsa, ndipo tonse awiri tikanatsala osachira. Koma mapilisi sanali ndi ine. Anali omanga pa nsonga ya chitenge cha amai ako. Masabata atatu onse aja sanali kundilankhula china, anali okwiya ndipo anali ndi chifukwa. M'mawa ndikafika pa geti amamasula chitenge, kundipatsa limodzi ndi kapu ya madzi, kundiyang'ana pa khosi mpaka litsike. Madzulo chimodzimodzi. Tsiku limene sanabwere ku geti anatuma mnzao ndi mapilisi, pambuyo pake n'kutuma mau amodzi okha: "Wamwa?" Ba Wedi ndinamuuza kuti tiyeni ku kiliniki, mankhwala aliko. Anati iye sangavulire mkazi buluku.

Ba Wedisoni uwadziwa. Ndi aja osoka nsapato pafupi ndi msika, amene amakhala chopendekera pa kampando koika pilo, amene anakusokera nsapato za bola. Sindikuululira chinsinsi, iwo eni amauza mnyamata aliyense wofuna kumva. Anadzidula ndi leza, anamwa za m'kantemba, chimaphwa n'kubweranso, zaka zikupita. Mabala sanatseke. Kumalo aumuna kunatupa kosabwerera, njira ya chimbudzi inachepa ndi zipsera. Pamene anapita kuchipatala mankhwala anapha tizilombo, koma zimene zinaonongeka kale mapilisi sakonza, anachita kupita ku opaleshoni, ndipo saka sananyamulenso. Munthu amene anali kuthamanga pa thabwa akuimba. Ine ndi iye tinadwala chinthu chimodzi, shedi imodzi, chubu chimodzi. Ine ndinali ndi munthu wondikoka dzanja, iye analibe. Sindinali wochenjera kumuposa.

Ku Kitwe udzakhala wopanda wokukoka dzanja. N'chifukwa chake ndifuna a ku kiliniki akuone ukali kuno.

Palinso chifukwa china. Ngati a ku kiliniki anena kuti ndi matenda awa, ndiye kuti kuno ku Kafue kutsala mwana wa munthu amene ali nao osadziwa. Kaya ndi uja umaperekeza mukachoka ku kwaya, kaya ndi wina, dzina sindilifuna. Iwe ukwera basi, iye atsala akuyenda bwinobwino, osaona chotupa, zinthu zikuonongeka mkati, tsiku lina n'kudzavutika osadziwa pamene zinayambira. Umuuze ndi pakamwa pako usanapite. Usayambe milandu yakuti anabweretsa ndani, zimenezo sizichiritsa munthu. Akakutukwana, landira. Ndipo musagonane mpaka nonse awiri mutamaliza mankhwala. Udziwenso kuti kudwalapo kamodzi sikutseka chitseko, ungathe kuwatenganso mawa lomwe.

Ndidziwa kuti ndiwe wa mapemphero, ndipo ndithokoza Mulungu pa chimenecho, chakusunga ku mowa ndi ku zambiri. Pemphera. Koma usatenge mafuta odzozera n'kupaka pa chotupa kuti ndiye mankhwala. Ine Mulungu anandiyankha ndi mkazi wa bafa ya nsomba ndi ba sista a magalasi. Usaope kuti a ku tchalitchi amva bwanji, palibe amene adzawauza. Abusa akamati dikirani ukwati anena zoona, njira yosalakwa ndi imeneyo, ndipo ukaikwanitsa ndidzakondwa. Koma ine ndinakhalapo mnyamata, ndidziwa kuti thupi silimvera ulaliki masiku onse. Mu sokosi zako zakuda, pansi pa chikwama, ndaikamo makondomu. Pogula ndinapeza wogulitsa ndi mwana wa ba dikoni, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Ndinapirira chifukwa cha iwe, ndiye usawataye. Akatha, ku kiliniki iliyonse aliko. Nthawi iliyonse, Lameki, osati poyamba pokha mukali kuopana.

Manje za mawa. Kapitao ndamuuza kale kuti sindibwera. Amai ako ndawauza kuti ine ndi iwe tili ndi pofika tisanakwere minibasi ya ku Lusaka, ndiye atsazikane nawe pakhomo. Anandiyang'ana, sanafunse. Mabasi a ku Kitwe samatha m'mawa, ngakhale masana aliko, ndipo koleji sithawa ukafika madzulo kapena mkucha. Chikwama ndinyamula ine, kunyamula ndiyo ntchito yanga, iwe usakhudze cholemera mpaka akuone. Sufunika kundiyankha ndi pakamwa, ndidziwa kuti ndi zovuta, ine pa loko paja pakamwa panandikanika. Tikafika pa mphambano ndikakhotera ku kiliniki m'malo mwa ku siteshoni, iwe ungonditsata.

Sindilowa nawe. Ndikhala pa benchi panja ndi katundu wako, ndipo ukatuluka sindifunsa kanthu. Akati ndi masaka zoona, tidzamva chimene afuna tichite, ndipo udzandiseka njira yonse mpaka ku Lusaka kuti adadi ndi amantha. Ndidzakondwa kusekedwa. Akati ndi chinacho, mapilisi alowa m'thumba la malaya ako, upita kusukulu monga munthu aliyense, ndipo masabata atatu foni yako idzalira m'mawa ndi madzulo. Sindidzakutayira nthawi. Ndidzafunsa mau amodzi aja a amai ako, iwe n'kuyankha kuti inde.

Zikomo mwana wanga kuti wawerenga mpaka pano. Zikomo pa masaka onse amene unanyamula pambali panga. Wandipatsa ulemu umene sindinaugwirire ntchito.

Lamba wako usamufunefune. Ndamudula malegeni, ndamangira matiresi ako, ndipo wagwira bwino kwambiri. Ntchito ya chubu ndi imeneyo.

Ndine atate ako,
Aroni